Msewu Ngwa Yani? Mphamvu za Mabungwe a Chitukuko pa Misewu, Milatho ndi Njanji

  Ndikuthokoza mwapadera inu amene mwachokera kutali, pakuti ndikuidziwa misewu imene mwadutsamo kuti mufike pano.

Nonsenu mudaonapo chikwangwani chimene amazika pomwe payambira ntchito ya msewu. Chimakhala chachitali, cholembedwa m'Chingerezi. Pamwamba pali dzina la ntchito, kenako mwini ntchito, amene wapereka ndalama, kontrakitala, mainjiniya oyang'anira, ndi miyezi imene ntchitoyo itenge. Tsiku lina mukaime pansi pake, muwerenge mpaka mzere womaliza. Mudzapeza kuti zinthu ziwiri palibe. Chikwangwanicho sichinena amene adasankha kuti msewu udutse pano osati tsidya lija. Sichinenanso amene adzagwire fosholo kuchotsa mchenga m'ngalande, kontrakitala akadzapakira makina ake n'kupita. Nkhani yanga lero yagona pa zinthu ziwiri zimenezi.

M'mayiko ambiri, boma likatopa ndi kuchedwa kwa chitukuko m'dera lina, limakhazikitsa bungwe lapadera loti litukule dera lokhalo. Limalipatsa ndalama, malo ndi akatswiri, ndipo kawirikawiri limalipatsanso ulamuliro pa misewu, milatho ndi njanji. Akuluakulu a bungwe lotere savoteredwa, amachita kusankhidwa ndi nduna kapena ndi khonsolo. Wina afunsa kuti izi zikutikhudza bwanji ife kuno. Zikutikhudza chifukwa masomphenya a Malawi 2063 akukamba zotukula mizinda ina monga Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Liwonde, Luchenza ndi Bangula, komanso boma lapatula malo a mafakitale monga ku Area 55 ku Lilongwe, ku Matindi ku Blantyre ndi ku Dunduzu ku Mzuzu. Palibe fakitale yopanda msewu, ndipo palibe mzinda wopanda milatho. Tsiku lidzafika loti tigwirizane kuti ulamuliro pa misewu imeneyi ukhale m'manja mwa yani, ndipo ndibwino tsikulo lidzatipeze titaganiza kale.

Mu msewu uliwonse muli mphamvu zinayi: yosankha komwe msewu udutse, yotenga malo a anthu, yosunga ndalama ndi kulemba kontrakitala, ndiponso yousamalira ukatha. Mukafuna nyumba mumaitana mmisiri, chifukwa iye ndiye amadziwa kuyala njerwa. Mumamupatsa simenti, mumamusiya agwire ntchito osamusokoneza. Koma si mmisiri amene amasankha kuti khomo liloze kuti, ndipo simumupatsa makalata a puloti. Choncho mfundo imene ndikufuna mupite nayo kwanu ndi iyi: mphamvu yomanga tingathe kuibwereketsa, koma mphamvu yosankha isachoke m'manja mwa eni dera. Ndiifotokoza m'magawo atatu, ndipo tiyenda limodzi ku London, ku Johannesburg ndi ku Lilongwe.

Mfundo yoyamba: mabungwe otere amagwiradi ntchito, ndipo amaigwira mwachangu. Izi tisazikane.

Kum'mawa kwa mzinda wa London, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kudali madoko amene kale adali m'gulu la madoko otanganidwa kwambiri padziko lonse. Kutabwera makontena ndi sitima zikuluzikulu zosatha kulowa mkati mwa mtsinjewo, ntchito idasamukira kumunsi, ku Tilbury. Madoko akale aja adatsekedwa limodzilimodzi kuyambira 1967 mpaka 1981. Anthu zikwizikwi adataya ntchito, malo n'kusanduka mabwinja. Makhonsolo a m'deralo adakhala zaka akulemba mapulani, koma ndalama zoti achitire kanthu adalibe.

Mu 1981 boma la Margaret Thatcher, kudzera mwa nduna yake Michael Heseltine, lidakhazikitsa bungwe la London Docklands Development Corporation. Lidapatsidwa dera la masikweya kilomita pafupifupi 22, lochokera m'makhonsolo atatu a Tower Hamlets, Newham ndi Southwark. Akuluakulu ake adasankhidwa ndi nduna. Mphamvu yovomereza kapena kukana zomangamanga idalandidwa kwa makhonsolo n'kuperekedwa kwa bungweli, pamodzi ndi mphamvu yogula malo mwini wake afune asafune. Pomafika 1987, patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, njanji ya Docklands Light Railway idali itatsegulidwa. Idadya mapaundi 77 miliyoni, ndipo sitima zake zimayenda popanda munthu pa chiwongolero. Chaka chomwecho bwalo la ndege la London City lidayamba ntchito. Pamalo pomwe padali mabwinja pali Canary Wharf lero, pomwe pali mabanki akuluakulu ndipo anthu masauzande ambiri amagwirapo ntchito.

Chinsinsi cha changu chimenechi si chovuta kuchimvetsa. Malo, ndalama, chilolezo ndi mainjiniya zidali pa tebulo limodzi. Ife timadziwa momwe kalata imodzi imayendera kuchoka ku ofesi ya bwanamkubwa kupita ku unduna, kuchoka ku unduna kupita kwa a zamalo, mpaka mvula kugwa kalata isanabwerere. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndikuvomereza, kalumoko kamakhaladi kakuthwa. Koma wometedwayo ali ndi ufulu wonena kumeta kumene akufuna.

Mfundo yachiwiri, ndipo pano ndichedwapo: bungwe limamangira amene limamuopa. Ngati amene angalichotse ntchito ndi nduna ya kulikulu, misewu yake idzaloza komwe nduna ndi eni chuma akuyang'ana. Ngati amene angalichotse ndi anthu a m'deralo, misewu idzaloza ku misika yawo, ku zipatala zawo ndi ku masukulu a ana awo.

Tibwerere ku London komweko. Anthu a m'madoko aja adali osauka, ambiri akukhala m'nyumba za khonsolo. Ataona kuti zinthu zikuchitika pakhomo pawo popanda kuwafunsa, anthu a ku Newham adalemba pulani yawoyawo ya madoko a Royal Docks mu 1983. Chaka chotsatira anthu a m'madokowa adakwera mabwato n'kuyenda pa Thames mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukaonetsa kukwiya kwawo. Adachita izi chifukwa njira ina adalibe. Khansala amene adamuvotera adalibe mawu pa zomangamanga, ndipo akuluakulu a bungwe lija sakadachotsedwa ndi voti ya munthu aliyense wa m'deralo.

Taonani komwe ndalama zazikulu zidapita. Bungweli lidamanga msewu wodutsa pansi pa nthaka wotchedwa Limehouse Link, wolumikiza Canary Wharf ndi pakati pa mzinda. Kutalika kwake ndi makilomita 1.8 okha, koma udadya mapaundi 293 miliyoni pomwe umatsegulidwa mu 1993, pafupifupi kanayi ndalama zimene zidamangira njanji yoyamba ija. Mabanja ambiri adasamutsidwa m'nyumba zawo kuti msewuwo udutse. Njanji nayo idapezeka kuti njaing'ono pa chiwerengero cha anthu a m'maofesi atsopano, ndipo idayenera kukulitsidwa itangotsegulidwa kumene. Kampani ya Olympia & York, imene imamanga Canary Wharf, idagwa pa chuma mu 1992, ndipo sitima ya pansi pa nthaka ya Jubilee Line idafika kumeneko mu 1999. Bungwe lija lidazindikira mochedwa kuti silingapite patali popanda eni dera, mpake lidasainirana mapangano ndi khonsolo ya Newham mu 1987 ndi ya Tower Hamlets mu 1988, kulonjeza nyumba, maphunziro a ntchito ndi zina zothandiza anthu. Komabe kwa zaka zambiri pambuyo pake, Tower Hamlets, momwe muli nsanja zonyezimira za Canary Wharf, idakhalabe m'gulu la madera okhala ndi ana ambiri osauka m'dziko lonse la Britain. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tipite ku Johannesburg, komwe ambiri a inu muli ndi ana kapena abale. Mzindawu udakhazikitsa bungwe la Johannesburg Development Agency mu 2001. Kusiyana kwake ndi la ku London n'kwakuti mwini wa bungweli ndi khonsolo ya mzinda. Khonsolo imasankha chochita, bungwe limamanga. Pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, khonsolo motsogozedwa ndi meya Amos Masondo idaganiza zoyambitsa mabasi a Rea Vaya, oyenda m'njira zawozawo pakati pa msewu. Bungweli ndilo lidamanga njirazo ndi masiteshoni ake, ndipo mabasi adayamba kuyenda pa 30 August 2009 kuchokera ku Soweto kupita mkati mwa mzinda.

Eni maminibasi, amene kumeneko amati matekisi, adaona kuti nsima yawo ikulandidwa. Kudali zionetsero, kudali ziwopsezo, mabasi ena adawomberedwa. Mainjiniya sakadathetsa mkangano wotere, chifukwa sudali mkangano wa simenti. Amene adauthetsa ndi atsogoleri ovoteredwa ndi ogwira ntchito a khonsolo, amene adakhala pansi ndi eni matekisi miyezi yambirimbiri. Mapeto ake, mu 2011 kampani ya PioTrans, imene eni ake adali anthu a matekisi omwewo, idatenga ntchito yoyendetsa mabasiwo. Sindikunena kuti zonse zidayenda bwino. Njira ya ku Alexandra ndi Sandton, yodzera mu msewu wa Louis Botha, idachedwa zaka zambiri, ndipo PioTrans idalowa m'mavuto a zachuma mu 2023. Koma munthu wa ku Soweto amadziwa khomo loti akagogode, ndipo amadziwa kuti pa chisankho chotsatira angathe kulanga amene adamukhumudwitsa. Wa ku madoko a London mwayi umenewu adalibe.

Ndibwerezenso: mphamvu yomanga tingathe kuibwereketsa, koma mphamvu yosankha isachoke m'manja mwa eni dera. Izi zikukhudza kwambiri nkhani ya malo. Mafumu athu, inu mukudziwa kuti mzere umene injiniya amajambula pa mapu, kumudzi umadutsa pa dimba la munthu, pa mitengo ya mango imene agogo ake adabzala, nthawi zina pa manda. Kuusuntha mzerewo mamita makumi awiri pa pepala ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kuusuntha giledala itadutsa kale n'kosatheka. N'chifukwa chake kufunsa anthu kuyenera kuchitika mapu akadali pa tebulo, ndipo chipukuta misozi chiyenera kufika m'manja mwa munthu makina asanalowe m'munda mwake. Safunsa adadya phula.

Mfundo yachitatu: bungwe limatha, msewu umatsala. Pano sitisowa kupita kunja, chitsanzo tili nacho pakhomo.

Boma la Dr Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968. Ngongole yoyambira ntchito, marandi 8 miliyoni, idachokera ku South Africa. Bungweli lidali ndi ulamuliro pa malo, pa mapulani ndi pa zomangamanga, ndipo mu 1975 Lilongwe idakhala likulu la dziko lino. Kumanga likulu m'zaka zochepa chotero ndi ntchito yoyenera ulemu. Koma inali nthawi ya chipani chimodzi. Midzi idasamutsidwa popanda wotsutsa, ndipo palibe adafunsa mlonda kapena wogulitsa ndiwo pamsika kuti mzinda ukhale wotani. Pulani idamwaza mzinda pa mtunda wautali: Old Town kumwera, Capital Hill ndi City Centre pakati, mafakitale ku Kanengo, bwalo la ndege ku Lumbadzi, ndipo pakati pake mipata ikuluikulu. Mzinda wotere umakomera munthu wa galimoto. Koma ambiri mwa anthu a mu Lilongwe amayenda pansi, pa kabaza kapena pa minibasi.

Dzukani m'mamawa, muime m'mbali mwa msewu uliwonse wolowa mumzinda. Muona mtsinje wa anthu ochokera ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Kauma, akuyenda mondondozana m'kanjira ka fumbi m'mphepete mwa phula. Mayi wasenza beseni la tomato, mwana ali kumsana. Galimoto ikamabwera amapatukira m'ngalande, ikadutsa amabwerera. Wa njinga wanyamula matumba a makala otalika kuposa mutu wake, akukankha pa chitunda. Anthu amenewa akulipira tsiku ndi tsiku, ndi miyendo yawo ndi ndalama za minibasi, zimene zidasankhidwa iwo asanabadwe. Anthu a ku Mgona adakamanga pafupi ndi Kanengo chifukwa munthu amafuna kugona pafupi ndi ntchito yake, kaya pulani ikulola kaya ayi.

Bungwe lomanga likulu lija lidathetsedwa mu 1984, ndipo ntchito zake zidagawidwa. Malo ena adapita ku unduna wa zamalo, ena ku Malawi Housing Corporation, ena ku khonsolo ya mzinda. Kwa zaka zambiri mzinda umodzi udakhala ndi eni malo angapo, wina akugawa mapuloti, wina akuyembekezeka kulambula misewu yopita ku mapulotiwo popanda ndalama zake. Ku London nako bungwe lija lidatsekedwa mu 1998, misewu ndi njanji n'kutsalira ena. Palibe bungwe la mtundu uwu limene limakhala mpaka kalekale. Walira mvula walira matope: amene walira msewu waliranso maenje, ngalande zotsekeka ndi milatho yofuna kukonzedwa chaka ndi chaka. Namondwe wa Freddy mu March 2023 adationetsa kuchigawo cha kummwera momwe madzi amadulira msewu ndi kukokolola mlatho usiku umodzi. Kontrakitala amakhala atapita kalekale. Amene amatsala ndi khonsolo, mfumu ndi anthu ake.

Nanga lero zinthu zili bwanji kwathu kuno? Malamulo a mu 2006 adagawa ntchito pawiri: Roads Authority imayang'anira kumanga ndi kukonza misewu, pomwe Roads Fund Administration imasonkhanitsa ndi kusunga ndalama, makamaka za msonkho wa pa mafuta a galimoto ndi za pa zipata zolipiritsa monga cha pa Chingeni ku Ntcheu, chimene chidatsegulidwa mu 2021, ndi cha pa Kalinyeke ku Dedza, cha mu 2022. Ziwerengero zimene zakhala zikufalitsidwa kwa zaka zambiri zimati misewu yolembedwa m'kaundula wa boma ndi yotalika makilomita 15,451, ndipo yaphula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Yotsalayo ndi yafumbi, ndipo yambiri ndi imene mlimi amatulutsira soya, mtedza ndi fodya wake. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, zonse za mu 1998, zidapereka kwa makhonsolo udindo wa chitukuko cha m'madera awo, kuphatikizapo misewu ya m'maboma. Pa pepala njira ilipo: maganizo amayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), mpaka kulowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunena mumtima. Mukuti makhonsolo athu ndi ofooka, mainjiniya ndi ochepa, ndipo malipoti a wofufuza ndalama za boma akhala akuonetsa kusokonekera kwa chuma m'makhonsolo ambiri. Mukuti bola tipereke zonse kwa bungwe la akatswiri. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo makhansala muli pano mulimve. Koma tikumbukirenso kuti dziko lino lidakhala popanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, komanso kuti udindo udatsikira kumaboma mwachangu kuposa ndalama zake. Khonsolo imene yamanidwa ndalama ndi anthu aluso, kenako n'kulandidwa ulamuliro chifukwa choti ndi yofooka, sidzalimba mpaka kalekale. Wakuba m'khonsolo atengeredwe kukhoti. Khonsolo yosowa injiniya ipatsidwe injiniya, kapena ibwereke bungwe la akatswiri kuti limangire. Koma kuba kwa munthu mmodzi kusakhale chifukwa cholandira anthu a boma lonse ufulu wonena komwe msewu wawo udutse. Ndikuvomeranso kuti misewu ikuluikulu monga M1, yolumikiza zigawo ndi mayiko, singasiyidwe kwa khonsolo imodzi, ndi ya dziko lonse. Komabe ikamadutsa pamsika wanu, muli ndi ufulu wofunsa za powolokera ana a sukulu, poimikira minibasi, njira ya oyenda pansi ndi komwe ngalande ikatayire madzi ake.

Choncho, amayi ndi abambo, wina akadzabwera kudera kwanu ndi uthenga woti kukhazikitsidwa bungwe lotukula mzinda wanu kapena malo a mafakitale, mudzamulandire bwino, pakuti angathe kubweretsa zabwino. Koma musanaombe m'manja, mudzamufunse kuti m'bungwemo mukhala anthu angati osankhidwa ndi eni dera, ndiponso ngati mapu a misewu adzadutse pa msonkhano wa khonsolo yonse asanavomerezedwe. Mudzamufunse kuti bungwelo lidzatha chaka chanji, misewu yake idzasiyidwa kwa yani, ndipo ndalama zoikonzera zidzachokera thumba liti. Mayankho ake alembedwe, asakhale a pakamwa pa tsiku loika mwala wa maziko.

Makhansala, musadikire tsiku limenelo. Pa msonkhano wanu wotsatira pemphani mndandanda wa misewu ndi milatho yonse ya m'boma lanu, ndipo pa msewu uliwonse palembedwe mwini wake, amene amaukonza, ndi ndalama zimene zaikidwa chaka chino. Mndandandawo ukamatidwe pa bolodi la ku khonsolo ndi kulikulu la mfumu yaikulu iliyonse, m'chilankhulo chimene anthu a kumeneko amawerenga. Mafumu, musasaine pepala lopereka malo anthu anu asanaone mapu ndi maso awo. Inu amalonda ndi achinyamata, pitani ku misonkhano ya VDC ndi ADC, chifukwa misewu imene mudzayendemo zaka makumi atatu zikubwerazi ikusankhidwa kumeneko.